Chaka Chimene Kamakina Kanachedwa

Chaka chimenecho a Makutu anasiya kudya chifukwa cha mbalame. Munthu wamkulu ndithu, wa imvi zake, wopuma pa ntchito yokonza mapaipi a madzi, kumakankha mbale chifukwa cha kanthu kosadzaza n'dzanja lomwe. Akazi awo, amene msewu wonse unkawatcha Mayi Telala poti ankasokera pakhonde, poyamba anaziyesa zocheza. Koma tsiku lina anawapeza bambowo akuboola lamba ndi msomali kuti thalauza isagwe, ndipo kuseka kunawathera pomwepo.

Dzina la Makutu silinali lochokera kwa makolo ayi. Anawapatsa ndi anzawo a kudambo, kagulu ka anthu amene nyengo yozizira ikamatha ankalawirira kupita kumalo otetezedwa kunja kwa tauni, n'kukakhala m'kanyumba ka matabwa kudikira mbalame zochokera kumayiko akutali. Enawo ankadalira magalasi oonera patali. A Makutu magalasi anali nawo, koma chuma chawo chenicheni chinali khutu. Moyo wawo wonse wa ntchito anauthera akumvetsera mapaipi pansi pa nthaka kuti adziwe podontha, ndiye mbalame ikangoti pyo m'bango, iwo ankatchula mtundu wake asanaione n'komwe.

Pa mbalame zonsezo panali kamodzi ka pamtima pawo, kofiirira, kamanyazi, kokonda kubisala. Kankafika kunja kukangoyamba kufunda, ndipo kulira kwake kunali kwa trrrrr kosalekeza, kopyapyala ngati makina osokera ali kutali. Gululo linakatcha Kamakina. Ndipo panali mwambo wake. Chaka chilichonse woyamba kukamva anali a Makutu. Ankatsinzina, n'kukweza chala chimodzi, ndipo apo m'pamene ena onse ankavomereza kuti nyengo yayamba. Palibe amene anakhazikitsa lamuloli. Linangomera lokha, chifukwa onse m'kanyumbamo anaphunzira kulira kwa Kamakina kwa bambo amenewa, ndipo wophunzira sakanalengeza mphunzitsi wake ali chete pambali.

Tsono chaka chimenecho anamzeze anafika. Abakha a mitundumitundu anafika, ena n'kupitirira ulendo. Misondodzi ya m'mbali mwa madzi inaphukira. Kamakina ayi.

"Ndakapha ndine," anatero a Makutu madzulo ena, akuyang'ana mbale imene sanaikhudze.

"Mwakapha ndi legeni?" anafunsa Mayi Telala.

"Bango lija la mbali ya kum'mawa. Ndine ndinawauza oyang'anira dambolo kuti alidule m'nyengo yozizira, kuti lakalamba, lidzaphuka latsopano. Anandimvera poti ndine wamkulu. Ndiye taonani. Kanthu kauluka mayiko, kawoloka nyanja, kafika pakhomo pake n'kupeza nyumba yagwetsedwa."

"Mwina kachedwa basi. Nanga inu simuchedwa?"

"Sikachedwa chonchi."

Mayi Telala anachotsa mbale ija. Pa zaka zonse za ukwati wawo anali asanapondeko kudamboko. Ankati munthu wanzeru zake sadzuka mbandakucha kukazizidwa chifukwa cha zinthu zimene sangaziphike n'komwe. Anzawo akafunsa kuti bambo ali kuti, ankayankha kuti ali kwa mkazi wamng'ono, ndipo onse ankaseka. Koma mumtima ankalithokoza dambolo, ngakhale sakanavomera pagulu. Amuna a anzawo atapuma pa ntchito anangokhala pampando mpaka miyendo kutupa, ena anapita ku mowa. Koma amuna awo ankabwera ndi matope mpaka m'mawondo, maso akuwala, njala ili yoti adye ndi mbale yomwe.

Tsopano bambo yemweyo ankabwera mwakachetechete, n'kuvula nsapato, n'kukhala. Ketulo inkaimba mluzu pachitofu iwo ali pafupi, osadzuka kukaiphula. Foni inkalira m'thumba la jekete lawo mpaka kuleka. Mayi Telala ankati ndi maganizo, munthu wosweka mtima samva za kunja.

Loweruka m'mawa, kunja kukungoyamba kuyera, anawapeza akupukuta magalasi aja ndi kansalu, n'kuwaika m'chikwama chake pamodzi ndi lamba wake wokolekera m'khosi.

"Lero ndikukawasiya," anatero a Makutu. "Pali achinyamata ambiri amabwera opanda magalasi. Ine zanga zatha. Munthu amene wawononga malo asamapiteko kukakhala ngati mwini wake."

Mayi Telala anali ndi madiresi a ukwati wa eni oti amalize, ndipo mwini ukwatiyo anali mayi wapakamwa. Anayang'ana mulu wa nsaluwo, n'kuyang'ana amuna awo. Khosi la malaya linali litayamba kuwakulira.

"Dikirani ndivale. Ndikufuna ndikamuone mkazi mnzangayo musanamusiye."

Anakwera basi yoyamba, yodzaza ndi anthu a ntchito zolawirira amene ankawodzera atatsamira mazenera. Anatsikira kumapeto kwenikweni, pamene phula limathera, n'kuyenda kamsewu ka miyala mpaka pageti. Pamenepo anakumana ndi mayi woyang'anira malowo, wamtali, wa nsapato za mphira, amene onse ankangomutcha Mlonda ngakhale anali ndi mapepala ake a sukulu.

"Lero mwatitengera alendo, bambo?" anatero Mlonda akumwetulira.

"Ndi mayi akunyumba awa."

"Ndinkayesa kuti ndi nthano chabe kuti muli pabanja. Takulandirani, mayi. Koma nsapato zimenezo mulira nazo."

Sananame. Kanjira ka matabwa kolowera m'dambomo kanali konyowa ndi mame, ndipo Mayi Telala anayenda atagwira mkono wa amuna awo, zomwe anali asanachite kuyambira kalekale. Mbali zonse kunali bango louma lotalika kuposa munthu, pansi pake timasamba tatsopano tikutuluka m'madzi akuda. Nkhungu inali itagona pamwamba pa madzi. Kunkanunkha matope ndi udzu wowola, fungo lomwelo limene ankalichapa m'masokosi chaka ndi chaka. Penapake a Makutu anaima n'kuloza ndi chibwano malo amene bango linadulidwa. Kenaka anapitiriza kuyenda.

Kanyumbako kanali pamapeto pa kanjirako, kataima pa mizati m'madzi. M'kati munali mdima, benchi lalitali, ndi timazenera topingasa totsegukira kunja. Munali kale anthu angapo atavala zipewa za ubweya. Mmodzi, wamfupi wonenepa, anadzuka n'kupereka moni wa manja awiri monong'ona. Amenewa anali a Dokotala, ozula mano opuma pa ntchito, mnzawo wa a Makutu wa zaka zambiri.

"Muno timanong'ona, mlamu," anatero a Dokotala. "Ndamva kuti kwa inu chimenechi n'chilango."

"Amene anakuuzaniyo adya yekha lero," anayankha Mayi Telala, nawonso monong'ona.

Anakhala pabenchi, Mlonda n'kuima pakhomo. A Makutu anatsegula kazenera kawo, chikwama cha magalasi chili pamiyendo, osachitsegula. Mayi Telala anasuzumira panja. Poyamba anangoona madzi ndi udzu, n'kudzifunsa kuti zimene anthuwa amadzukira ndi zimenezi basi? Kenaka maso anazolowera. Kakowa anali ataima ndi mwendo umodzi ngati wakwiyira wina. Anamzeze ankadutsa pamwamba pa madzi n'kumawakhudza pang'ono ndi pachifuwa. Patsidya, pamatope, timbalame ta miyendo yaitali tinkathamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima. A Dokotala anawabwereka magalasi awo n'kuwanong'oneza kuti timeneto tafika dzulo, ndipo mawa mwina tikhala titapita. Mayi Telala anadabwa kuti mtima wawo unachita chisoni pang'ono ndi tinthu tochepa chonchi toyenda ulendo wopanda katundu.

Koma panali phokoso lina limene linkawasokoneza. Linkachokera kumanzere, chakumene bango linadulidwa. Linkayamba, n'kupitirira nthawi yaitali osapuma, n'kuleka mwadzidzidzi, n'kuyambanso. Khutu la telala silikanalilekerera. Ameneyo anali munthu wopondaponda makina mothamanga, wosoka msoko wautali wowongoka ngati wa makatani. Anaganiza kuti mwina kuseri kwa bangoko kuli nyumba ya antchito. Za dzina la kambalame kaja sanaziganizire n'komwe, poti amuna awo anali atanena kale kuti kulibe, ndipo pa nkhani ya mbalame mawu awo anali omaliza.

Anapirira kanthawi. Kenaka anawagwira amuna awo pabondo.

"Bambo, kodi kunonso kuli telala? Ndani akusoka m'mawa uno?"

Ananong'ona ndithu, koma m'kanyumba ka matabwa kunong'ona kumamveka ngodya zonse. Palibe anatembenuka. Munthu wina amene ankatsegula fulasiki anaima dzanja lili pachivindikiro. A Dokotala anayang'ana nsapato zawo.

"Mwati chiyani, Mayi?" anafunsa a Makutu.

"Makinawo. Simukuwamva? Apo, ayambanso."

A Makutu anatsinzina. Anapendeketsa mutu, khutu lakumanja kuloza kuzenera, kenaka lakumanzere. Mayi Telala anawayang'ana nkhope ikudikira, ikudikirabe, phokoso lija likulira poyera ngati lili m'kanyumba momwemo. Apo m'pamene zonse zinawagwera pamodzi, ketulo ija, foni ija, wailesi imene masiku ano inkatsegulidwa mokweza mpaka aneba kudandaula. Anamva manyazi aakulu kuti munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi anamuona mochedwa chonchi.

A Makutu anatsegula maso. Sanayang'ane akazi awo. Anayang'ana anzawo, mmodzimmodzi.

"Dokotala."

"Ee, achimwene."

"Kakulira?"

A Dokotala anavula chipewa. "Kakulira."

"Kuyambira liti?"

"Sabata yatha ija. Tsiku lija kunagwa kamvula."

"Nonsenu mwakhala mukukamva?"

Onse anaweramitsa mitu. A Makutu anaika chikwama cha magalasi pabenchi, anadzuka pang'onopang'ono, n'kutuluka. Mlonda anawapatukira pakhomo.

Mayi Telala anaiwala zonong'ona. "Inu anthu akuluakulu, munthu wakhala akuuma ngati nkhuni kunyumba, akuti wapha mbalame, inu muli chete?"

"Sitinadziwe kuti zafika pamenepo, mlamu," anatero a Dokotala. "Tsiku loyamba tinati mwina mphepo ikuwombera kwina, amva mawa. Mawa lake tinatinso mawa. Kenaka zinavuta. Nanga ndani akanayamba? Ine kambalame kameneka anandiphunzitsa ndi iwowo, atandigwira phewa pazenera lomweli. Ndikanawauza bwanji kuti kakulira pamphuno panu?"

"Ine za bango ndinawauza kuti laphuka bwino, asadandaule," anatero Mlonda. "Koma zinazo ndinaopa. Ndinalakwa, mayi."

"Zimayamba choncho," anawonjezera a Dokotala. "Mawu aakulu munthu amamva bwinobwino. Timawu topyapyala ndi timene timayamba kuthawa. Kuchipatala kuli timakina ta m'khutu, nthawi zina timathandiza, nthawi zina ayi."

Mayi Telala anafuna kuwakalipira, mawu anali okonzeka kale pakamwa. Koma ataona nkhope zawo, anthu achikulire atagwira zipewa ngati ana ogwidwa akuba shuga, mkwiyo unaphwa. Anthuwa anali opusa, inde, koma kupusa kwake kunali kwa chikondi. Anatola chikwama chija n'kutuluka.

Anawapeza a Makutu pakati pa kanjira ka matabwa, atagwira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse, akuyang'ana malo odulidwa aja. Dzuwa linali litatuluka ndipo nkhungu inkasungunuka. Mayi Telala anaima pambali pawo osawakhudza. Ankaopa. Munthu amene dzina lake lenileni anthu analiiwala chifukwa cha makutu ake, lero wauzidwa pagulu kuti makutuwo apita, ndipo womuuzayo ndi mkazi wake, tsiku loyamba kuponda pamalopo.

"Pepani, Bambo. Pakamwa pangapa mukupadziwa."

A Makutu anangoyang'anabe malo odulidwawo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, ndipo Mayi Telala anati basi, munthu akulira. Atawayang'ana bwino anaona kuti misozi ilipodi, koma bamboyo akuseka.

"Ndiye kuti kabwera," anatero.

"Kabwera."

"Mbali iti?"

"Uko munadulitsako."

"Kumene ndinadulitsa." Anapukuta nkhope ndi chikhatho. "Mayi, inu simukudziwa. Usiku ndimangoona kanthu kaja kakuzungulira pamwamba, kakufuna potera, kenaka n'kugwera m'madzi chifukwa cha kutopa. Tsiku lililonse. Ndiye chosowa ndi makutu anga basi? Dambo lili bwinobwino?"

"Lili bwino. Laphokoso ngati msika."

"Aa, zikomo. Makutu ndi anga, ndawagwiritsa ntchito mokwanira. Bola kambalameko kali moyo."

Mayi Telala anathokoza mumtima, osadziwa bwino kuti akuthokoza ndani poyamba, Mulungu, kambalameko, kapena pakamwa pawo pomwe pamene moyo wonse anthu ankati padzawapalamulitsa.

"Koma zikundiwawa," anatero a Makutu patapita kanthawi, kuseka kutatha. "Ndisakunamizeni. Chaka chatha ndinakamva komaliza osadziwa kuti n'komaliza."

"Munakamvetsera bwino?"

"Mpaka tiyi anazizira m'kapu."

"Ndiye simunakalakwire."

Anawapatsa chikwama chija. A Makutu anachiyang'ana, n'kuchitsegula, n'kukoleka magalasi m'khosi.

"Tandilozerani. Musaloze ndi mkono wonse ngati mukuimitsa basi, kangathawe. Ingondiuzani."

Ntchito imeneyo inali yovuta kuposa mmene Mayi Telala ankaganizira. Kulirako kunkamveka ngati kukuchokera paliponse. Akati kali apa, kamveka uko. A Makutu anawauza kuti kamatembenuza mutu kakamaimba, n'chifukwa chake kamasokoneza, ndipo anawaphunzitsa kuika zikhatho kuseri kwa makutu n'kutembenuka pang'onopang'ono mpaka pamene phokoso lakula. Mayi wa ulemu wake, wovala nsapato za kutchalitchi zonyowa, anaima pamenepo manja ali kumakutu ngati mwana wosewera. Anthu a m'kanyumba aja anali atatuluka n'kuima chapatali, ndipo palibe anayerekeza kuthandiza.

"Pali kachitsamba kouma, kali ndi nthambi yopindika ngati chogwirira ambulera. Pansi pake pang'ono."

A Makutu anakweza magalasi. Anafufuza, n'kupukusa mutu. Kenaka anauma thupi lonse.

"Ndakaona."

Anayang'ana nthawi yaitali, kenaka anavula magalasiwo n'kuwaika pamaso pa akazi awo, lamba akadali m'khosi mwawo, moti mitu yawo inagundana. Mayi Telala anaona bango, thambo, bango, kenaka kambalame. Kanali konyozeka zedi, kofiirira ngati chigamba chakale, katagwira phesi ndi timiyendo tiwiri. Kamlomo kanali kotsegula, ndipo thupi lonse mpaka kumchira linkanjenjemera ndi nyimboyo.

"Kameneka ndi kamene kanakusalitsani kudya?"

"Komweko."

"Mkazi mnzanga ndimamuyesa wokongola."

A Makutu anatenganso magalasi. "Ndikuona kukhosi kukugwedezeka," anatero motsitsa. "Zaka zonsezi ndinkatsinzina kakamaimba. Sindinkadziwa kuti kamagwira ntchito chonchi."

Mphepo inawomba pang'ono, phesi linagwedezeka, ndipo kambalameko kanatsetserekera pansi n'kulowa m'bango latsopano. A Makutu anafufuza uku ndi uku, kenaka anatsitsa magalasi.

"Kapita?"

"Ayi. Kali m'katimo, kakuimbabe."

"Zoona, Mayi? Musandichitire ngati enawa."

"Ine ndinayamba ndakunyengererani liti?"

A Makutu anagwedeza mutu. Anatembenukira kumene kunali bangolo, n'kugwiranso chitsulo chija, n'kutsinzina monga ankachitira kale. Nkhope yawo inali ya munthu amene akumvetsera ndithu.

"Kakasiya mundiuze."

Mayi Telala anaima nawo pamenepo, mapazi akuzizira m'nsapato zonyowa. Nyimboyo inapitirira, yaitali, yowongoka. Itaduka, anafuna kukhala chete pang'ono kuti awawonjezere kanthawi, poti nkhope ija inali isanaoneke yamtendere chonchi kuyambira nyengo yozizira. Koma anali atalonjeza.

"Kasiya, Bambo."

"Zikomo," anatero a Makutu, maso ali chitsinzinire. "Tidikire. Kayambanso."